Maso a Mwana Wanga ndi Lezala la Apongozi

Mwana wanga woyamba anabadwa ndi maso abuluu. Ndikunena buluu weniweni, wa yunifolomu ya ana a kupulayimale, osati kutuwa kuja makanda ena amabadwa nako kenako n'kuda pakapita mwezi. Ine ndine wakuda bii. Bambo ake ndi akuda kuposa ine, komanso nthawi imeneyo anali makaniko ku Biwi, moti akaweruka sunkadziwa pamene oyilo wathera ndi pamene khungu layambira. Tinkakhala ku Chinsapo, m'nyumba ya lendi ya zipinda ziwiri, pampanda wa mabanja asanu ogawana chimbudzi chimodzi. Pamalo otere ukangotsegula m'mimba, mpanda wonse umadziwa usanamwe n'komwe mankhwala. Ndiye za maso mungaganize nokha.

Masiku oyamba palibe anaona kanthu. Ndinabereka pa opaleshoni, ndipo sabata yonse ndinkayenda chowerama ngati nkhalamba yosaka singano. Mwana ankangogona, chipewa cha ulusi chili kumutu. M'nyumba mwathu munali zenera limodzi lotchingidwa ndi khoma la aneba, choncho akatsegula maso pang'ono poyamwa ndinkangoona kutuwa, n'kumati ndi ukhanda. Mayi anga anamwalira ndili Fomu 2, ndiye amene anandidikirira kuchipatala, n'kubweranso kunyumba kudzasambitsa mwana, anali apongozi anga, mayi a amuna anga. Kwawo ndi ku Ntcheu, koma anakhazikika ku Kawale kalekale amuna awo asanamwalire. Anali mayi wamfupi, woongoka, wosaseka zachabechabe, wovala yunifolomu yoyera ya amayi a kutchalitchi Lachinayi lililonse. Ndinkawaopa, koma ndinkawakondanso. Ndisabise, ndinkalakalaka atakhala mayi anga.

Mchombo utagwa, linafika tsiku lotulutsa mwana m'chikuta. Apongozi anam'tengera kuseri kwa nyumba, okhaokha, n'kumumeta tsitsi lobadwa nalo monga mwa mwambo, tsitsilo n'kulikwirira. Kenako anam'paka mankhwala a liwombo, aja akuda ngati phula, kuyambira pamphumi mpaka pakati pa mutu. Azimayi apampanda anali atakhala pamkeka kudikira kumuona ndi kumva dzina, poti mwana woyamba dzina limachokera kuchimuna, ndipo woyenera kulitchula anali apongoziwo. Mwana atafika padzuwa anakwinya nkhope, n'kuyasamula, n'kutsegula maso onse awiri.

Alandilodi athu, amene anali atatambasula kale manja kuti am'landire, anawabweza manjawo.

"Mayo ine! Kodi ndi mwana kapena ndi mphaka?"

Ine ndinaseka, kuyesa nthabwala. Nditasuzumira, kuseka kunandithera. Apongozi anam'veka mwana chipewa, anandipatsira, n'kunena mosakweza mawu kuti, "Dzina tiyamba taliganizira." Tiyi amene ndinawaphikira sanamwe. Anakwera minibasi yobwerera ku Kawale dzuwa lisanafike pamutu.

Pofika madzulo nkhani inali pa kiyosiki pomwe tinkatunga madzi, ndipo pa kiyosiki palibe matenda osadziwika chiyambi chake. Ena anati ndili woyembekezera ndinaseka munthu wachialubino. Ena anati ndinkayang'anitsitsa mphaka. Mayi wina wa zamapemphero anati zoterezi anaziona kale m'filimu ya ku Nigeria, ndipo mwana wa m'filimuyo anamaliza banja lonse, ndiye anadzipereka kudzam'pempherera wanga zinthu zisanafike poipa. Koma ambiri anasankha yankho losatopetsa mutu. Mimba isanakule ndinkagwira ntchito ya m'nyumba kumayadi, kwa mzungu.

Mzunguyo anali mayi, wokalamba, wosakwatiwa, wokhala yekha ndi agalu awiri. Ndinafotokozera aliyense wofuna kumva, ngakhale wosafuna. Sizinathandize. Pomwe sabata inkatha, a pa kiyosiki anali atam'pezera donayo mchimwene wake wochokera kunja, wamtali, wandevu, woyenda pa galimoto yoyera, amene ankandipatsa lifiti. Munthu wosabadwayo anam'pezera ngakhale ntchito, ati ankakumba mijigo. Ndinafika polakalaka kumuona, chifukwa ankamveka kuti anali wachifundo kwambiri.

Amuna anga sanandimenye, sananditukwane. Bola akanatukwana, munthu ukanadziwa poyankha. Ankati akaweruka, kuyang'ana mwana, kuyang'ana ine, kuyang'ananso mwana, n'kutuluka kukakhala pakhonde ndi wayilesi. Anzawo ku galaja anali atayamba kuwaitana kuti abambo a mzungu, n'kumawalonjera m'Chingelezi. Tsiku lina analankhula.

"Mayi, ine sindikunena kuti munalakwa. Koma inuyo mukanakhala ine, mukanaganiza chiyani?"

"Ndikanaganiza kuti mkazi wanga ndimam'dziwa."

"Kukudziwani ndimakudziwani. Koma masowa ndiye sindikuwadziwa."

Patangopita masiku anayamba kugona ku Kawale kwa mayi awo, ati n'kufupi ndi kuntchito, thiransipoti ikuvuta. Zaka ziwiri zonse m'mbuyomo thiransipoti yomweyo sinkavuta. Zinali nthawi zija mafoni am'manja atangofika m'malokeshoni, pamene chikondi tinkachiyeza ndi kuflashana, koma iwo anasiya ngakhale kuflasha. Ankabwera Loweruka kudzasiya ufa ndi makala, n'kukhala pampando mphindi zochepa ngati munthu wodzazonda wodwala wa eni ake.

Mwana anakhala wopanda dzina. Pa buku la kusikelo analemba kuti "mwana wa", kenako dzina langa. Ndikanatha kum'patsa dzina ndekha, palibe wapolisi akanandimanga. Koma kutero kukanakhala kuvomera pamaso pa Chinsapo yense kuti mwanayu alibe kuchimuna, ndipo ine ndinakana. Ndinalumbira kuti dzina lidzatuluka pakamwa pa apongozi, kaya afune kaya asafune. Pakadali pano anzanga ankaitanidwa amake uje, amake uje, ine ndinali amake kamzungu.

Chodabwitsa n'chakuti apongozi, amene anakana kutchula dzina, sanasiye kubwera. Lachiwiri lililonse m'mawa ankatulukira ndi lezala latsopano ndi kabotolo ka mankhwala a liwombo. Ankam'tengera mwana kuseri, kumumeta, kum'paka, kum'veka chipewa, n'kundibwezera.

"Mwana wa mnzako ndi wako yemwe," ankatero, akuyang'ana kumbali. "Sindifuna kuti liwombo lim'tengere m'nyumba ya mwana wanga. Posambitsa muzilambalala pamutupa, apongozi. Chipewachi chisachoke, mphepo ingalowe."

Mwambi umenewo unkandibaya, poti "mnzako" ameneyo ndinkam'dziwa amene akutanthauza. Komabe ndinkamvera. Anali mwana wanga woyamba, ndinalibe mayi woti n'kufunsa, ndipo za liwombo aliyense pampanda ankaziopa. Mumtima ndinkatinso mwina n'chikondi chikudontha pang'onopang'ono. Munthu sungakwere minibasi ziwiri sabata iliyonse chifukwa cha mwana amene ukudana naye.

Mwana atakwanitsa miyezi itatu, ankhoswe anaitanitsa bwalo kwathu. Nkhoswe yanga anali amalume, mlonda ku Area 25, amene anafika molunjika kuchokera kuntchito maso ali psuu. Ya kuchimuna inali bambo wina wopuma pa ntchito ya boma, amene anabwera atamanga tayi Loweruka. Ine ndinali nditakonzeka. Sukulu ndinafika Fomu 4. Mayeso ndinalakwa, inde, koma Bayoloje ndinakhoza, ndipo tsiku limeneli ndi limene ndinaganiza kuti Bayolojeyo indibwezere fizi ya amalume.

Ndinatulutsa lichero lokhala ndi nyemba zofiira ndi zoyera. Ndinajambula pansi mabokosi anayi ndi kamtengo, monga ankachitira aphunzitsi athu pabolodi. Ndinafotokoza kuti mwana amalandira mbewu ziwiri za mtundu wa maso, ina kwa bambo, ina kwa mayi. Mbewu ya maso akuda ndi yamphamvu, ikakumana ndi ya maso owala imaiphimba. Choncho munthu atha kukhala wa maso akuda koma atasunga mbewu yowala yochokera kwa agogo a agogo ake, iye osadziwa. Awiri otere akakwatirana, mbewu zobisika zija zitha kukumana mwa mwana mmodzi. Ndinaika nyemba yofiira ndi yoyera kumbali ya amuna anga, yofiira ndi yoyera kumbali yanga, kenako ndinakankhira zoyera ziwiri m'bokosi lomaliza. Ndinadzimva ngati mphunzitsi wamkulu.

Apongozi anayang'ana nyembazo nthawi yaitali.

"Ndiye mukuti mwana wanga ali ndi nyemba yoyera?"

"Eya amayi. Iwo ali nayo, ine ndemwe ndili nayo."

"Yanuyo tikuidziwa kumene munaitenga. Nanga wangayu yake anaitenga kuti? Mukufuna kunena kuti ine ndi amene ndinayenda ndi mzungu?"

Pamenepo bwalo linasanduka msika. Bambo wa tayi anaimirira n'kunena kuti, "Mayi, pano si pa labotale, pano ndi pa akuluakulu!" Amuna anga anati ndatukwana mayi awo. Ine ndinati mayi awo ananditukwana miyezi itatu yathunthu popanda wowaletsa. Alandilodi, amene sanaitanidwe, anaikira umboni mbali zonse ziwiri ali pawaya woyanika zovala. Phokoso lonselo mwana anali mtulo kumsana kwanga, osagwedezeka n'komwe, mpaka alandilodi anayamikira kuti, "Koma kufatsa kokha, ameneyu ndi mzungudi." Ndinanyadira, ine wopusa.

Amalume, amene anali atawodzera chiyambire mabokosi anga, anadzidzimuka n'kukonza kukhosi.

"Kuona maso a nkhono n'kudekha," anatero. "Tiyeni tidikire. Mwina ada."

Kenako anatola nyemba zanga zonse n'kuika m'thumba la jekete, ati chakudya sataya. Bwalo linagamula kuti tidikire mpaka mwana akwanitse miyezi isanu ndi umodzi. Maso akada, apongozi atchula dzina ndipo amuna anga abwerera kunyumba. Akapanda kuda, ine ndilongedze ndikakhale kwa amalume ku Area 25, ndi mwana wanga wopanda bamboyo.

Kuyambira pamenepo m'mawa uliwonse ndinkam'tulutsa mwana pakhomo kukamuyang'ana m'maso, ngati mlimi woyendera mbewu. Ndinkam'pempha, nthawi zina ndinkam'kalipira. "Iwe, tada pang'ono chabe, ukuvutikiranji? Ada anzako onse." Iye ankangondisekerera ndi nkhama zake, maso akuwalirawalira. Anali okongola, ndinene zoona, okongola moti anthu osadziwa nkhani yathu ankaima mumsewu kuti amuone. Ine ndinkadana nawo masowo, ndipo ndinkadzida chifukwa chodana nawo.

Ali ndi miyezi isanu anadwala chifuwa, thupi kutentha. Linali Lolemba. Ndinam'tengera ku chipatala chaching'ono cha kufupi ndi kwathu. Kusikelo azaumoyo ankangom'pachika pa sikelo ndi chipewa chake chomwe, koma tsiku limeneli tinalowa kwa dokotala, mayi wachikulire wa magalasi, amene azimayi pamzere anandichenjeza kuti pakamwa pake ndi pa lumo. Atangomuika mwana pamiyendo anam'vula chipewa kuti agwire liwombo.

"Izi ndiye chiyani? Mwana mwam'thira phula ngati msewu wa ku Mchinji? Mayi inu, munapitako kusukulu?"

"Mpaka Fomu 4, adokotala."

"Ndiye fizi inapita pachabe."

Anatenga thonje ndi madzi ofunda n'kuyamba kutsuka, akulalata za matenda amene timaika tokha pamitu ya ana. Ndinangowerama. Kenaka kulalata kuja kunaleka mwadzidzidzi. Nditadzutsa mutu ndinaona chimene ankayang'ana. Panali patapita masiku asanu ndi limodzi chimetereni, ndipo tsitsi linali litayamba kumera, lakuda mutu wonse. Koma pamwamba pa mphumi, pakatikati, panali kachigawo kokula ngati chala chachikulu pomwe tsitsi linali loyera mbee. Mwana wanga wa miyezi isanu anali ndi imvi, ndipo ine mayi wake ndinkaziona koyamba.

Dokotala anam'yang'ana m'maso, n'kufunsa ngati anabadwa nawo choncho. Ine, poona munthu wophunzira, ndinakhuthula zonse, za kiyosiki, za bwalo, za nyemba. Pa nyembapo anaseka mpaka kuvula magalasi.

"Aphunzitsi anuwo sananame kwenikweni, koma anafupikitsa kuti mukhoze mayeso," anatero. Anafotokoza kuti mtundu wa diso umadalira kuchuluka kwa utoto wakuda womwewu uli pakhungu ndi m'tsitsi. Ukachuluka diso limada, ukachepa limawala. Ndipo mbewu zolamula utotowo si ziwiri ayi, ndi zambiri, zokokana uku ndi uku, n'chifukwa chake maso a anthu sakhala mitundu iwiri yokha ngati nyemba zanga. "Koma za mwana wanuyu ndi zina," anapitiriza. "Pali mbewu ina imene imakwanira kuchokera kwa kholo limodzi lokha. Imeneyo imalepheretsa utoto kufika malo ena. Wina amangobadwa ndi imvi pamphumi basi. Wina imvi ndi maso omwe. M'banja limodzi zimatuluka mosiyanasiyana. Kwanu kapena kwa amuna anu, alipo wobadwa ndi imvi pamphumi?"

Anatchulanso dzina lake lachizungu, lalitali, limene ndinaliiwala ndisanatuluke pachitseko. Mutu wanga unali utapita kale kwina. Amuna anga ankameta mpala tsiku ndi tsiku chiyambire kuwadziwa. Titangokwatirana anadwala malungo n'kukhala masiku angapo osameta, ndipo ndinaona kachigawo koyera pamwamba pa mphumi. Ndinawaseka kuti ndakwatiwa ndi nkhalamba yobisa zaka. Iwo anati ali khanda anapsa ndi phala pamenepo, tsitsi n'kumera loyera, ndi mmene anawauzira mayi awo. Ndinakhulupirira, iwonso ankakhulupirira.

Ndinatsala pang'ono kululutira m'chipinda cha dokotala.

"Adokotala, lembani! Lembani zonsezi papepala, mudindepo chidindo. Kapena mapepala awiri, lina ndikamate pa kiyosiki."

Iye sanaseke.

"Kumtundu kwa amuna anuko, mukudziwako wina wosamva?"

Ndinati ayi, sindikudziwa. Anandiuza kuti ndimukhazike mwana pamiyendo atayang'ana ine. Iye anazungulira kumbuyo, anatenga mbale yachitsulo ija amaikamo zipangizo, n'kuigwetsa pa simenti. Ine ndinadumpha. Panja mayi wina anakuwa. Mwana anapitiriza kukoka batani la bulauzi yanga. Dokotala anawomba m'manja kumbuyo kwa khutu lamanja, kenako lamanzere. Mwana anaika batani m'kamwa.

"Ndi wofatsa chabe," ndinatero. "Amagona ngakhale anthu akukangana."

"Eya, mayi," anatero dokotala, ndipo mawu ake anali atafewa moti ndinachita mantha. Anati timbewu timene timapanga utotowo timafunikanso mkati mwa khutu, ndipo kwa ana ena tikasowa m'maso timasowanso kumeneko. Anandilembera kalata yoti akam'yeze bwino ku chipatala chachikulu, koma anati safuna kundinamiza. Anandipatsa mankhwala a chifuwa. Pepala la chidindo lija sindinalikumbukenso.

Sindinabwerere kunyumba. Chipewa ndinachiponya m'chikwama, ndinabereka mwana mutu uli pamtunda, n'kukwera minibasi ya m'tauni, kenako ya ku Kawale. Njira yonse ndinkalira, uku ndikusanja zotukwana, kuyambira zazing'ono mpaka zija munthu amatuluka nazo mumpingo. Kondakitala anayamba nthabwala za maso a mwana, koma atandiyang'ana nkhope anatembenukira kuzenera.

Ndinafika nthawi ya nkhomaliro. Apongozi ankayanika zovala, amuna anga atakhala pakhonde ndi ovolosi yawo, chipewa chili kumutu. Chisamukireni ku Kawale anali atayamba ulesi wometa. Sindinapereke moni.

"Bambo ake, tavulani chipewacho."

"Mayi, kwagwanji?"

"Vulani."

Anavula. Ndinamasula mwana kumsana, n'kumugwira pafupi ndi nkhope yawo, mphumi ndi mphumi. Kachigawo kawo kanali pomwepo, ka mwana kanali pomwepo, malo amodzimodzi. Ndinatembenukira kwa apongozi.

"Amayi, uyunso anapsa ndi phala?"

Amuna anga anagwira pamutu pa mwana, kenako pamutu pawo. Anayang'ana mayi awo. Apongozi anali ndi chitenje chonyowa m'manja. Anachiika m'beseni bwinobwino, anapukuta manja, n'kukhala pansi padothi, miyendo atatambasula ngati pamaliro. Sindinawaonepo atakhala choncho.

"Imvizo ndinaziona tsiku lomwe ndinam'sambitsa koyamba, kuchipatala," anatero.

"Ndiye miyezi isanu yonseyi mwandisandutsa hule mukudziwa? Mwandichotsera mwamuna m'nyumba mukudziwa? Lezala lija munkametera umboni, ine n'kumathokoza?"

"Eya."

Ndinkayembekezera kuti akana, ndiye zotukwana zanga zonse ndinazikonzera munthu wokana. Apongozi anayamba kulankhula akuyang'ana mapazi awo. Anati amuna anga si mwana wawo woyamba. Woyamba anali wamkazi, anabadwira kumudzi, wa imvi pamphumi, wa maso ngati a wangayu. Sankamva, ndipo sanalankhulepo. Akuchimuna anati wabereka chitsiru, ena anati wayenda ndi mzungu wa ku esiteti, ena anati wakhwimira mwana. Pobwera ku Lilongwe anam'siya kwa mayi awo ali ndi zaka zinayi, ndipo m'tauni muno sanauze munthu.

"Uja amakhalira kudimba uja?" anafunsa amuna anga. "Si munati ndi wa amayi aang'ono?"

"Ndi mlongo wako."

Amuna anga anaphimba nkhope ndi chipewa chija. Apongozi anapitiriza. Anati amuna anga atabadwa ndi imvi zomwezo, chaka chathunthu ankawawombera m'manja kumbuyo tsiku lililonse, ndipo tsiku lililonse ankatembenuka. Anayamba kuwameta mpala kuti asadzasowe mkazi, poti anthu akadziwa kuti kumtundu kuli zotere amathawitsa ana awo. Phala lija anangolipeka.

"Ndiye nditaona maso a uyu ndinadziwa," anatero. "Koma nditamva zimene ankanena anthu, ndinazigwira ndi manja awiri. Ndinkapemphera, apongozi, ine wa yunifolomu yoyera, ndinkagwada kupempha Mulungu kuti zikhale zoona, kuti mukhale kuti munalakwadi. Mwana wa mzungu akanatichititsa manyazi, koma akanamva. Ndikatchula dzina ndiye kuti ndavomera kuti ndi wathu, ndipo wathu ndikudziwa mmene amakhalira."

Anatambasula manja awo n'kuwayang'ana.

"Lachiwiri lililonse ndikam'tengera kuseri kuja, ndisanamumete, ndinkawomba m'manja kumbuyo kwake. Ndinkati mwina sabata ino. Sanatembenukepo."

Sindinawakhululukire tsiku limenelo, ndisaname. Zinanditengera zaka, ndipo mpaka lero ndikakumbuka za mlongo wa amuna anga uja, mtima umandiwawa. Koma ndinakhala pansi padothi pomwepo. Mlandu ndinali nditawina, popanda ankhoswe, popanda tayi. Miyezi isanu ndinkalota tsiku limeneli, mmene ndidzayendere mpaka pa kiyosiki mutu uli m'mwamba. Litafika, ndinangoona kuti ndanyamula mwana wodwala chifuwa amene sanamvepo mawu anga chibadwire, ngakhale kumukalipira kuja.

Apongozi anapempha mwana. Ndinazengereza, kenako ndinawapatsa. Anam'yang'ana m'maso nthawi yaitali, nthawi yoyamba kum'yang'ana ine ndikuona, n'kutchula dzina. Linali la mayi awo. Analitchula kamodzi, bwinobwino, kenako anam'pereka kwa bambo ake.

Amuna anga anam'landira movutikira, poti chibadwire anali asanam'nyamulepo. Anam'khazika pamiyendo atayang'ana kubwalo, ovolosi ikum'detsa malaya, n'kumuitana dzinalo. Mwana ankayang'ana zovala zikugwedezeka pawaya. Anaitananso mokweza. Anaitana kachitatu, mokuwa, mpaka aneba anasuzumira pampanda.

"Bambo ake," ndinatero, "musakuwe. M'tembenuzeni akuoneni pakamwa."

Anam'tembenuza. Anatchula dzinalo pang'onopang'ono, misozi ikuwalowa m'kamwa. Mwana anawagwira mlomo n'kuseka.